Malifu Amene Ba Inyambo Anachotsa

Ku Libuyu ndi ku Dambwa North, mu Livingstone muno, ndi ochepa amene sanakwezepo kanthu m'vaneti ya Ba Inyambo Mwikisa. Inanyamulapo simenti ya nyumba za anthu, makala a ku Simonga, nsomba za ku Mambova, mabokosi a maliro, ndipo Lamlungu lina inanyamula kwaya yathunthu pamodzi ndi mabenchi ake. Eni ake anali bambo wamtali, wosakonda zolankhulalankhula, amene mawu akuti "sizikwana" anali asanatulukepo pakamwa pawo. Mukawaonetsa mulu wa katundu ankauzungulira kamodzi, n'kusuzumira pansi pa galimoto, basi n'kuyamba kumasula zingwe. Anthu ankati ndi kukoma mtima. Kukoma mtimako kunalipo ndithu, koma munalinso kaliuma ka munthu wosafuna kumva kuti chitsulo chamukanika.

Anabadwira kufupi ndi Sesheke, ndipo anafika mu Livingstone ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atakhala pamwamba pa matabwa m'lole yochokera ku Mulobezi. Ntchito yawo yoyamba inali yonyozeka. Lole ikatitimira mumchenga, iwo ndi amene ankatsika ndi fosholo n'kumayala nthambi pansi pa matayala, dalaivala ali phee pamthunzi. Mchenga anaudziwira pamenepo, atagwada. Kenako anayendetsa alendo okaona njovu kwa zaka khumi ndi ziwiri, pakampani ina imene inatha mwini wake atabwerera kwawo. Pochoka anawasiyira vaneti yakale ya Hailakisi imene inali itakhala pa njerwa kuseri kwa galaja, ndipo Ba Inyambo anaidzutsa okha, bawuti ndi bawuti. Imeneyo ndiyo inaphunzitsa mwana wawo mmodzi yekhayo, Inutu, mpaka kukhala mphunzitsi ku Solwezi. Ndiyonso inawapinda msana.

Kumbuyo kwa vaneti yotere kumakhala masipuling'i a zitsulo zazitali zosanjikizana, zimene amakaniko amazitcha malifu. Yawo inabwera ndi malifu asanu mbali iliyonse. Katundu akachuluka, Ba Inyambo sankachepetsa katundu, ankapita kukawonjezera lifu kwa Ba Cheelo, Mtonga wa ku Kalomo, wamfupi, wapakamwa posatseka, amene amapinda masipuling'i pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa msika wa Libuyu, akumenyera pa chidutswa cha njanji. Chaka ichi lifu, chaka chinacho lifu, mpaka anakwana khumi ndi limodzi mbali iliyonse. Ikakhala yopanda kanthu, vanetiyo inkadumpha pakamwala kalikonse. Akazi awo, Ba Lungowe, anali atasiya kalekale kuikwera popita kutchalitchi, akumati bola kufika ndi fumbi kumapazi kusiyana ndi kufika mano akugwedera.

Mu Ogasiti chaka chatha achipatala anawatulutsa Ba Lungowe ndi botolo la mankhwala opha ululu, ndi mawu ofatsa kwambiri aja amene munthu ukawamva umadziwa kuti palibenso china. Matenda amene anayambira m'bere anali atalowa m'mafupa. Mayi amene kwa zaka makumi atatu anasenza madengu a tomato kumsika wa Dambwa tsopano ankatembenuzidwa ndi anthu awiri, ndipo ngakhale pamenepo ankaluma mlomo.

Tsiku lachitatu atabwerera kunyumba, Ba Inyambo akuwapukuta mapazi, Ba Lungowe ananena zimene zinali kumtima kwawo.

"Batate ba Inutu, nipelekeni kumunzi. Nifuna bamama banimve mau nikali kukamba. Maso balibe, koma makutu bali nayo."

Mayi awo a Ba Lungowe, nkhalamba ya zaka zopitirira makumi asanu ndi anayi, ankakhala kumudzi kupitirira Sichili, ndipo panali patatha zaka zisanu ndi zinayi mwana ndi mayi asanagwirane dzanja. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa.

"Nipaseni mawiki awili chabe, bamake Inutu," anatero Ba Inyambo. "Motoka mwamene ilili izamipweteka."

Apa m'pamene panayambira vuto, koma tisawanamizire. Sanachedwe chifukwa cha ulesi kapena kusalabadira. Anachedwa chifukwa msewuwo ankaudziwa mopitirira muyeso. Ankadziwa pamene phula limathera, pamene msewu wafumbi umakhala mizeremizere yogwedeza mpaka m'chiwindi, ndi pamene umasanduka mchenga woyera wofika m'mawondo, umene m'chilimwe umachita kuyenderera pansi pa tayala. Wodwala sakanatha kukhala kutsogolo. Anayenera kugona kumbuyo pamatilesi, pamwamba penipeni pa malifu khumi ndi limodzi aja. Ba Inyambo akatsinzina ankaona zinthu ziwiri zokha: vaneti itatitimira masana dzuwa lili paliwombo, mkazi wawo akuwauka mkati, kapena fupa likuthyoka pabampu imene iwo eni akanatha kuifewetsa.

Anayamba ndi matayala. Awo anali opyapyala, olimba, abwino pa simenti ndi pa miyala, koma mumchenga amadula n'kumira. Ankafuna otambalala ndi aatali, amene ukawachepetsa mpweya amaphwatalala n'kumayenda pamwamba. Ba Cheelo, amene ali ndi msuweni pakhomo lililonse, anawapezera anayi ogwirapo kale ntchito kuloji ina ya m'mbali mwa mtsinje. Atawamanga, vaneti inakwera m'mwamba n'kuoneka ngati yabwana, ndipo oyendetsa mataksi pa Libuyu anaimba malikhweru. Ba Inyambo sanaseke. Anapita nayo ku Simonga, kumene kuli kanjira kamchenga kolowera kwa ootcha makala, kuti akaiyese.

Kumira sinamire, koma mphamvu inalibe. Giya yachiwiri imene kale inkakwera nayo paliponse inkangolira n'kuzima, ndipo pobwerera m'kabini monse munali fungo la kilatchi yopsa. Chifukwa chake ankachidziwa, kungoti ankayembekezera kuti mwina chitsulo chiwachitira chifundo. Tayala lalikulu likazungulira kamodzi limadya mtunda wautali, choncho injini imavutika kulizunguza, monga mmene umavutikira kupalasa njinga pachitunda tcheni chili pa giya yolemera. Mankhwala ake ndi kusintha magiya a m'difu, chibumphu chija cha pakati pa ekiselo yolumikiza matayala awiri, kuika a mano ochuluka kuti tayala lizizungulira pang'onopang'ono koma mwamphamvu. Ndipo galimoto yokoka ndi matayala onse anayi ili ndi madifu awiri. Ukasintha yakumbuyo yokha, kutsogolo ndi kumbuyo kumayamba kukanganirana liwiro mpaka china chithyoke.

Mu Livingstone munapezeka magiya a difu imodzi. Enawo anaitanitsa ku Lusaka, kwa munthu wogulitsa zitsulo za magalimoto ophwasuka, ndipo anabwera pabasi patatha masiku asanu ndi atatu, atakulungidwa m'thumba la feteleza. Ba Inyambo anakhala pansi ndi choko n'kuwerenga mano, kulemba kadontho pa dzino loyamba kuti asabwereze. Anawerenga katatu. Mano anali osiyana ndi a difu inzake. Anawakulunganso m'thumba lomwelo n'kuwabweza, ndipo sanatukwane, chifukwa ngakhale mphamvu yotukwanira analibe. Pamene magiya oyenera amafika, milungu iwiri ija inali itasanduka isanu, Seputembala ali kumapeto.

Masiku onsewo ankachoka kunyumba m'mawa atawasambitsa Ba Lungowe, n'kubwerera dzuwa likulowa, manja ali bii, kukawasambitsanso. Masana Ba Lungowe ankatsala ndi mng'ono wawo, Ba Mukatimui, mayi wathupi wogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, ku Maramba, ndi azimayi a kutchalitchi amene ankasinthana kubwera ndi phala. Ba Lungowe sankafunsa kuti ulendo uli liti. Ankangoti, "Motoka ili bwanji lelo?" ngati wodwalayo ndi galimotoyo. Ba Inyambo ankayankha za mano a magiya, ndipo mkaziyo ankagwedeza mutu ngati akumva. Powanyamula kupita nawo kubafa, mwamunayo ankamva m'manja mwake mmene akupepukira. Mu Ogasiti ankalemera ngati thumba la chimanga. Tsopano thumbalo likanawaposa, ndipo zimenezi zinkawaopsa Ba Inyambo kuposa kubuula.

Kunatsala masipuling'i. Anayala matilesi kumbuyo, n'kuikapo thumba la chimanga losadzaza m'malo mwa wodwala, pambali pake beseni lodzaza madzi mpaka m'milomo. Ankayenda kuchokera pa mango wa Ba Cheelo kukafika pamlatho n'kubwerera, kenako n'kuyang'ana madzi otsala. Ulendo woyamba munatsala ongokwana kusamba m'manja. Anachotsa malifu awiri mbali iliyonse, n'kuyesanso. Anachotsa lachitatu. Lifu lililonse limene ankasolola ankalikumbukira chaka chake ndi katundu amene analiikira, ndipo ankaliimika patsinde pa mango mosamala, ngati angalikhumudwitse.

Ba Cheelo anapirira masiku awiri, ndipo kwa iwo kumeneko ndi kupirira kwakukulu. Tsiku lachitatu anaponya hamala pansi.

"Imwe ba Inyambo, mufuna kupanga ambulansi olo mufuna kufikisa bamai kumunzi? Sipuling'i yolimba imafewa na katundu, muziba bwino kuchila ine. Bwezani malifu, ikani masaka teni ya mchenga, matilesi pamwamba, muyende mailo."

"Masaka teni mu mchenga wa Okutobala?" anatero Ba Inyambo osadzutsa mutu. "Nikajomba pa Machile na munthu odwala, zuba ili so, muzabwela kunifukula ndimwe? Motoka ifunika inkhale yopepuka."

"Kujomba ni mwina. Koma bamai ninabaona pa Sande, mwandi. Si baja ba mwezi watha."

Ba Inyambo anapitiriza kumasula. Onse awiri ankanena zoona, ndipo ndicho chimatopetsa pa nkhani zotere. Pomaliza anachotsa malifu asanu ndi limodzi mbali iliyonse, vaneti n'kubwerera pa asanu ake akale. Ba Cheelo, akung'ung'udza, anawapinda bwino otsalawo panjanji paja. Mabawuti okhota amene amamanga malifu pa ekiselo anali tsopano atatalika kwambiri, moti akanakokera mumchenga, ndiye Ba Inyambo anawadula ndi sowo kuti akwanire ndendende. Madzulo amenewo beseni linabwerako kumlatho litangotayika pang'ono m'milomo. Anaima n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Anali atatopa mpaka m'maso, koma kwa nthawi yoyamba chiyambire Ogasiti anamva kuti achitapo kanthu pa matendawo.

Ulendo anauika Loweruka, pakati pa Okutobala. Anawerengera bwinobwino: wodwala, matilesi awiri, zigubu ziwiri za madzi, chigubu cha dizilo, jeke, fosholo, ndi Ba Mukatimui kutsogolo. Chinthu chimodzi chokha sanawerengere, ndipo n'zodabwitsa kuti munthu amene anakhala zaka zonsezo akunyamula katundu wa anzake akanachiiwala. Anthu a kuchigawo chakumadzulo, kwawo kwa Ba Lungowe, okhala m'tauni muno akamva kuti galimoto ikupita kwawo, salola kuti ipite yokha. Aliyense ali ndi azakhali m'njira yomweyo, ali ndi kaphukusi kamene kadikira galimoto chiyambire Isitala. Ndipo uthenga wakuti vaneti ya Ba Inyambo, imene sikana kanthu, ikupita kupitirira Sichili, unali ndi milungu isanu ndi iwiri yoyendera m'matchalitchi ndi m'misika.

Loweruka m'mawa, akumanga tenti pamwamba pa matilesi, anamva mawilibala akulira pageti. Anali atatu, kumbuyo kwake taksi yotsegula buti, kutsogolo Ba Mukatimui akulondolera. Munatsika matumba asanu ndi limodzi a ufa, mchere, shuga, zigubu za mafuta ophikira, njinga, batire ndi sola yake, chitseko ndi felemu lake, mabelo awiri a salaula, ndi maphukusi osawerengeka osokedwa m'masaka, lililonse litalembedwa dzina la wolandira ndi mudzi wake. Pomalizira anthu awiri analowa atasenza malata khumi atsopano. Zonsezi zinkasungidwa ku Maramba, kumene Ba Inyambo sankafikako.

"Ba mulamu, ivi ni vichani?"

"Ni katundu ya kumunzi, kaili," anatero Ba Mukatimui akupukuta thukuta.

"Motoka naikonzela munthu umozi."

"Manje mwenze kuganiza bazayenda chabe manja-manja, monga babapilikisa pa chikwati? Zaka naini, ba mulamu."

Ba Lungowe anali atawakhazika pampando pakhomo, atavala diresi lawo la kutchalitchi limene tsopano linkawalendewera m'mapewa, duku latsopano kumutu. Mawu awo anali ochepa mphamvu, moti aliyense anakhala chete kuti amve.

"Malata ni yanga, batate ba Inutu. Ninabalonjeza bamama pamene tinayenda ku malilo ya batate. Nyumba yao iloka. Vinangu ni va banthu. Benze kubwela kuniona, banibwelesela phala, banipempha. Nenze kukana bwanji nili gone apa?"

"Simunaniuze."

"Simunanifunse. Mwenze na nchito yambili."

Sananene mokwiya, ndipo zikanakhala bwino akanakwiya. Ba Inyambo anatsegula pakamwa. Mawu aja akuti "sizikwana", amene anali asanawanenepo, anali pa lilime, ndipo tsiku limenelo akanakhala oona. Anayang'ana duku latsopano lija, anayang'ana azimayi amene anaima pageti kudzaperekeza maphukusi awo, n'kuwameza. Anazungulira muluwo kamodzi, n'kuyamba kumasula zingwe.

Thumba lachinayi la ufa litakwera, malifu anali atawongoka kale. Malata atamangidwa pamwamba, bodi inakhala pa timphira tija timene timaletsa chitsulo kugunda chitsulo chinzake, ndipo pakati pa tayala lalikulu ndi bodi panatsala mpata wa zala ziwiri. Galimoto ikafika pamenepo sipuling'i ilibenso ntchito, bampu iliyonse imalowa yathunthu. Ba Inyambo ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense mu Livingstone. Komabe anawagoneka Ba Lungowe pakati pa matumba, n'kuwatchinjiriza ndi mapilo, akudzinamiza kuti akayenda pang'onopang'ono zitheka. Azimayi anaimba nyimbo imodzi, anapemphera, ndipo vaneti inatuluka pageti matayala akukhula bodi.

Mumsewu wa Nakatindi anayenda ngati akuperekeza mkwatibwi. Pa bampu iliyonse ankatsala pang'ono kuima, koma ankamvabe kugunda kuja kukudutsa m'chitsulo mpaka pampando wawo. Ankatchera khutu kumbuyo, osamva kalikonse. Ba Mukatimui anati ndiye kuti agona. Ba Inyambo anawadziwa akazi awo zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo kukhala chete kumeneko sikunawasangalatse. Pa Simonga, phula lisanathe n'komwe, anaimika galimoto pansi pa mtengo n'kuzungulira kumbuyo.

Anawapeza maso ali gwa, nkhope itatuwa, nsonga ya chitenje ili m'kamwa, itanyowa ndiponso itabooka ndi mano. Dzanja limodzi linali litagwira chingwe cha thumba la ufa mwamphamvu moti anachita kulimasula chala chimodzichimodzi.

"Tisiye katundu pano," anatero Ba Inyambo. "Nili na munzanga wa malasha apa pafupi, azasunga. Motoka izanyamuka, muzayenda bwino. Nizabwela kuitenga pambuyo."

Ba Lungowe anapukusa mutu pang'ono. Anadikira kuti mpweya ubwerere.

"Bakambe kuti Lungowe anataya katundu ya banthu pa Simonga? Na bamama nikabauze chani? Kuti nabwela chabe kubafela pakhomo?" Anatsinzina. "Bwezani visulo vanu vija. Ni nchito ya masiku angati?"

"Imozi. Mailo tinyamuka."

"Siku imozi nili nayo."

Anatembenuza vaneti. Makilomita amene anayenda popita anayenera kuwayendanso pobwerera, bampu zomwezo, ndipo palibe ulendo umene unawatalikira Ba Inyambo ngati umenewo. Pageti anapeza ena mwa azimayi operekeza aja asanabalalike. Anathandiza kutsitsa wodwala, ndipo pomunyamula ndi pamene anakuwa koyamba, atamugwira m'chiuno.

Tsiku limodzi lija linali bodza, ngakhale iwo eni sanadziwe ponena. Malifu anali pomwepo patsinde pa mango, koma mabawuti okhota aja anali atawadula okha ndi sowo, ndipo sakanakwananso kumanga malifu khumi ndi limodzi. Aatali choncho sagulitsidwa m'sitolo, amachita kusulitsa. Wosula wake, wa Sabata, anali kutchalitchi Loweruka limenelo, ndipo Lamlungu kudera lake kunalibe magetsi tsiku lonse. Ba Cheelo anazungulira tauni yonse panjinga kufunafuna akale, osanenapo ngakhale kamodzi kuti ndinakuuzani, ndipo kwa munthu wapakamwa ngati iwo chimenecho chinali chifundo chachikulu. Mabawuti anapezeka Lolemba masana. Pofika madzulo vaneti inali itaima monga kale, yolimba, katundu yense ali m'malo mwake, mpata wa matilesi uli pakati.

Koma Ba Lungowe sankanyamulikanso. Namwino amene anabwera kudzawaona anagwira m'chiuno pang'ono chabe, n'kuwaitanira Ba Inyambo panja. Anati fupa lathyoka, ndipo mafupa ofika pamenepo amatha kuthyoka ngakhale munthu akutembenuka pabedi, asadziimbe mlandu. Ba Inyambo anathokoza mwaulemu. Iwo ankadziwa bampu yake, ya patsogolo pa sukulu ina mu Nakatindi, ndipo ankadziwa kuti anailowa pa giya yanji.

Anayesa foni. Mdzukulu wina wa kumudzi anakwera njinga kukafika pachulu pamene pamagwira netiweki, koma nkhalamba sikanatha kufika pachulupo, ndipo mawu a Ba Lungowe amene anajambula pafoni n'kutumiza anakafika mochedwa. Inutu anafika Lachitatu kuchokera ku Solwezi. Lachinayi chakum'mawa, dzuwa litangokwera, Ba Lungowe anafunsa ngati malata anamangidwa bwino, kuopa kuti angakalike ndi zingwe. Anauzidwa kuti pali makatoni pansi pa chingwe chilichonse. Sanalankhulenso, ndipo pofika masana anali atapita.

Abale anagwirizana kuti akaikidwe kwawo. Panalibe zokambirana za galimoto, inali pabwalo, yokonzeka, katundu ali momwemo. Anachotsa matilesi n'kulowetsa bokosi mumpata uja, ndipo linakwana ngati anachita kuyeza. Pamwamba pa matumba panakhala anthu asanu ndi awiri, pakati pawo Ba Akufuna, malume awo a malemu, mkulu wopuma pantchito ya njanji amene ankadwala nyamakazi ndipo ankaopa ulendowo kuposa onse.

Vaneti inayenda mmene Ba Inyambo anali asanaionepo ikuyenda. Malifu khumi ndi limodzi, atasenza zonsezo, ankapindika mofatsa n'kubwerera mofatsa. Matayala aakulu ankameza mizeremizere ya msewu wafumbi, ndipo magiya atsopano ankakoka osadandaula. Kupitirira Mulobezi, pamene mchenga woyera umayambira, anaima kuti achepetse mpweya. Anthu anatsika kukawongola miyendo. Ba Inyambo anagwada patayala lakumbuyo, n'kukanikiza vavu ndi kamtengo ka machesi, mpweya n'kumatuluka.

Ba Akufuna anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, n'kuima pambali. Ankafuna kunena kanthu kabwino kwa munthu woferedwa, ndipo ananena zoona zokhazokha.

"Ba Inyambo, iyi motoka mwaikonza, mwandi. Ine na mafupa yanga aya nenze kuyopa, koma kuchoka ku Livingstone sininamveko bampu olo imozi. Nachita na kugona. Olo munthu odwala angayendemo bwino-bwino."

Ba Inyambo sanadzutse mutu. Mpweya unapitirira kutuluka mpaka tayala linaphwatalala kuposa mmene ankafunira.

"Ni katundu," anatero.

Anadzuka pogwira bodi, n'kupita kukagwada patayala linalo.